Kasamalidwe ka Kompyuta ya Pakhomo: Malangizo kwa Alimi, Amalonda ndi Anthu Onse a mu Mzinda wa Mzuzu

Mabanja ambiri mu mzinda wa Mzuzu ndi madera ozungulira tsopano ali ndi kompyuta pakhomo. Alimi a khofi ndi fodya amalembamo za zokolola ndi ngongole za zipangizo za ulimi. Amalonda a mumsika waukulu ndi msika wa Taifa amasungamo ndondomeko ya katundu, maina a angongole ndi zikalata za msonkho. Ana asukulu nawo amalemberamo ntchito zawo. Makompyuta ambiri otere amagulidwa atagwirapo kale ntchito kwina, motero amafika m'manja mwa eni ake atsopano ali otherako mphamvu.

Zinthu zinayi ndizo zimaononga kapena kuchedwetsa kompyuta kawirikawiri: magetsi osakhazikika, fumbi ndi chinyezi, mapulogalamu akale kapena akuba, ndiponso mavairasi. Zonsezi zingathe kupewedwa ndi chisamaliro chochepa chochitika nthawi ndi nthawi, ndipo chochuluka cha chisamalirocho sichilira ndalama. Choyenera kukumbukira koposa n'chakuti zimene zasungidwa mu kompyuta n'zamtengo wapatali kuposa kompyutayo. Kompyuta ina ingagulidwe, koma kaundula wa malonda wa zaka zisanu akatayika palibe sitolo imene ingamugulitse.

Magetsi ndi mphenzi

Magetsi ambiri a m'dziko muno amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amayenda mtunda wautali kuti afike m'chigawo cha kumpoto. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi 130 megawati kwa nthawi yoposa chaka. Pa nthawi zotere magetsi amathimathima, ndipo kuthimako kumavulaza kompyuta m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi kuzima mwadzidzidzi pamene kompyuta ikusunga fayilo. Fayiloyo imaonongeka, ndipo nthawi zina Windows yeniyeniyo imakana kuyaka. Njira yachiwiri ndi mphamvu yopyola muyeso imene ingabwere magetsi akamabwerera. Magetsi a m'nyumba m'Malawi ndi a 230 voti. Akapyola kwambiri pamenepo amawotcha chaja kapena bolodi ya m'kati mwa kompyuta. Pachifukwa ichi, magetsi akazima mwini kompyuta ayenera kuzula pulagi pakhoma, ndipo akabwera adikire mphindi zingapo asanalumikizenso.

Chipangizo chotchedwa surge protector chimatchinga mphamvu yobwera mwadzidzidzi, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa kompyuta. Adaputa wamba ya mabowo ambiri siigwira ntchito imeneyi, kotero wogula afunse bwino m'sitolo. Kompyuta ya patebulo, imene ilibe batire, imafunika UPS, bokosi la batire limene limapereka magetsi kwa mphindi zochepa kuti munthu asunge ntchito yake ndi kuzimitsa bwino. Ogwiritsa ntchito jenereta kapena magetsi a dzuwa ayambe ayatsa jeneretayo kapena inveta, adikire kuti mphamvu ikhazikike, kenako alumikize kompyuta.

Nyengo ya dzinja ku Mzuzu imabwera ndi mphenzi. Palibe surge protector imene ingalimbane ndi mphenzi yogwera pafupi. Kukayamba mabingu, chitetezo chodalirika ndi kuzula nthambo zonse: ya magetsi, ya pulinta ndi ya intaneti yomwe.

Batire ya laputopu imatha msanga ikamatenthedwa kapena ikamasiyidwa kuti ithereretu kawirikawiri. Batire ikatupa mpaka kukweza kiyibodi, ndiye kuti yaonongeka ndipo ingathe kuyaka moto. Laputopu yotero isachajidwenso mpaka batireyo itasinthidwa.

Fumbi, kutentha ndi chinyezi

Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda woposa mamita 1,200, m'mphepete mwa mapiri a Viphya. Mvula imagwa nthawi yaitali, m'mawa mwambiri kumakhala chifunga, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba, misewu yadothi ya m'madera monga Chibavi, Zolozolo, Mchengautuwa ndi Chiputula imadzutsa fumbi. Nyengo ziwiri zonsezi zili ndi vuto lake pa kompyuta.

M'kati mwa kompyuta muli fani imene imakoka mpweya kuti iziziritse purosesa. Pamodzi ndi mpweyawo imakokanso fumbi, limene limatseka timabowo totulukira kutentha. Purosesa ikatentha kwambiri imachepetsa yokha liwiro lake kuti isapse, ndipo ichi ndicho chifukwa chimodzi chimene kompyuta imachedwera. Zizindikiro zake ndi phokoso la fani losatha, kutentha kwa pansi pa laputopu ndi kuzima kwadzidzidzi.

Laputopu iziikidwa pa tebulo kapena pa thabwa. Pa bedi, pa bulangete kapena pa mkeka timabowo take timatsekeka. Kompyuta ya patebulo isakhale pansi penipeni pamene fumbi limachuluka posesa. Ikazima ndi kuzizira, ivundikiridwe ndi nsalu yoyera. Timabowo ta mpweya tipukutidwe ndi kaburashi kofewa kamodzi pa mwezi, kompyuta ili yozima ndi yozulidwa kumagetsi. Kamodzi pa chaka, makamaka kumapeto kwa chilimwe, ndi bwino kuti mmisiri aitsegule ndi kuchotsa fumbi la m'kati.

Chinyezi chimachititsa dzimbiri pa timawaya ta m'kati. Kompyuta isasungidwe pafupi ndi zenera lotsegula, khoma lonyowa kapena m'chipinda chosungira mbewu ndi feteleza. Utsi wa mbaula ndi nkhuni umasiya mwaye womata umene umagwira fumbi. Laputopu ikanyowa ndi mvula kapena tiyi, izimitsidwe nthawi yomweyo, isayatsidwenso kufikira itauma ndi kuonedwa ndi mmisiri. Kudyera pa kiyibodi kumaitana nyerere ndi mphemvu, zimene zimakonda malo ofunda ngati m'kati mwa kompyuta.

Zimene zimachedwetsa kompyuta

Kupatula kutentha, kompyuta imachedwa pa zifukwa zitatu zodziwika bwino.

Choyamba ndi kudzaza kwa disiki. Windows imafuna malo opanda kanthu oti izigwirirapo ntchito, ndipo disiki ikadzaza ndi makanema, nyimbo ndi zithunzi, zonse zimayenda pang'onopang'ono. Ndi bwino kusiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a disiki lili lopanda kanthu. Mu Windows 10 ndi Windows 11 muli chida chotchedwa Storage Sense chimene chimachotsa chokha mafayilo osafunika. Foda ya Downloads ndi Recycle Bin ziziunikidwa mwezi uliwonse.

Chachiwiri ndi mapulogalamu amene amayamba okha kompyuta ikangoyatsidwa. Kudina makiyi a Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager, ndipo pa gawo la Startup pamaoneka mndandanda wa mapulogalamu otero. Amene sakufunika angathe kuletsedwa pomwepo popanda kuwafufuta. Mapulogalamu amene sanagwiritsidwe ntchito kwa miyezi yambiri achotsedwe ndithu kudzera mu Settings.

Chachitatu ndi ukalamba wa zipangizo. Makompyuta akale ali ndi hadi disiki ya mbale zozungulira, imene imachedwa ndipo imaonongeka msanga ikagwedezeka. Kuisintha ndi disiki ya mtundu wa SSD, imene ilibe chozungulira, kumafulumizitsa kompyuta yakale kuposa njira ina iliyonse. Kuwonjezera RAM kuchoka pa 4 GB kufika pa 8 GB kumathandizanso. Hadi disiki ikayamba kulira mogogoda, ndiye kuti yatsala pang'ono kufa, ndipo mafayilo akoperedwe kwina tsiku lomwelo.

Kuzimitsa ndi kuyatsanso kompyuta posankha Restart kamodzi pa sabata kumamasula RAM ndi kumaliza zokonza zimene zinali kudikira. Mapulogalamu amene amalengezedwa pa intaneti kuti amafulumizitsa kompyuta ndi osafunika, poti zida zimene zili kale mu Windows n'zokwanira, ndipo ena mwa mapulogalamuwo amabwera ndi mavairasi.

Zokonza za mwezi ndi mwezi ndi kutha kwa Windows 10

Pulogalamu iliyonse imakhala ndi zofooka zimene mbava za pa intaneti zingalowerepo. Kampani ikazindikira chofooka imatumiza chokonza chake, chotchedwa update. Kampani ya Microsoft imatulutsa zokonza za chitetezo Lachiwiri la sabata yachiwiri ya mwezi uliwonse. Anthu ambiri amazimitsa zokonzazi poopa kutha kwa bandulo, koma potero amasiya khomo lotsegula.

Zimene zidachitika mu Meyi 2017 zikuonetsa kuopsa kwake. Vairasi yotchedwa WannaCry idalowa m'makompyuta a m'maiko pafupifupi 150, kuphatikizapo a zipatala za boma ku Britain, n'kutseka mafayilo ndi kufuna dipo. Chokonza cha chofooka chimene vairasiyo idalowerapo chinali chitatuluka kale mu Marichi chaka chomwecho. Makompyuta amene adachilandira adapulumuka.

Pofuna kusunga bandulo, wogwiritsa ntchito intaneti ya pa foni angathe kusankha Metered connection mu Settings, ndipo Windows imachepetsa zimene imakoka yokha. Kenako asankhe tsiku limodzi pa mwezi logula bandulo yokwanira n'kulola zokonza zonse kuti zilowe, batire ili yodzaza kapena magetsi ali okhazikika. Msakatuli wa intaneti, monga Chrome, Edge kapena Firefox, nayenso amafuna zokonza zake.

Eni makompyuta adziwe kuti Microsoft idasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 lidatha pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta yotero imayakabe ndi kugwira ntchito, koma zofooka zatsopano zimakhala zosatsekedwa, ndipo chiopsezo chimakula mwezi ndi mwezi. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, disiki yosachepera 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya zaka zaposachedwa. Wogula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito afunse wogulitsa kuti amuonetse ngati ikukwanitsa zimenezi asanapereke ndalama. Kompyuta imene singalandire Windows 11 ingathe kuikidwa Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, imene ndi yaulere, imalandira zokonza za chitetezo ndipo imayenda bwino pa makompyuta akale. Kompyuta yotsalira pa Windows yakale isagwiritsidwe ntchito pa zakubanki.

Mavairasi, mafulashi ndi mapulogalamu akuba

Mavairasi ambiri a m'makomo amayenda ndi fulashi. Fulashi imene yapita kumalo osindikizira zikalata kapena okopera nyimbo ndi makanema imalowa m'makompyuta ambiri pa tsiku limodzi, ndipo imabwerako ndi zimene yatola. Vairasi yofala kwambiri imabisa mafoda enieni n'kuika m'malo mwake tizizindikiro tokhala ndi kamuvi. Munthu akadina kachizindikiroko vairasi imalowa mu kompyuta. Nthawi zambiri mafayilo amakhala alipobe, angobisika, choncho fulashiyo isafufutidwe mmisiri asanaione. Njira yabwino ndi kukhala ndi fulashi imodzi yoyenda nayo kunja, yosiyana ndi yosungira zinthu zofunika, ndi kuiunika ndi antivairasi nthawi iliyonse ikabwerera kunyumba.

Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi antivairasi yakeyake yotchedwa Microsoft Defender, yosalipira. Ikakhala yoyatsa ndipo ikulandira zokonza, ndi yokwanira pa ntchito za pakhomo. Kuika ma antivairasi awiri pa kompyuta imodzi kumachedwetsa kompyutayo popanda kuwonjezera chitetezo. Antivairasi yolipira imene nthawi yake idatha siitetezanso mokwanira, ndipo ndi bwino kuichotsa kuti Defender iyambenso kugwira ntchito.

Mapulogalamu akuba, amene amaikidwa popanda chiphaso cha eni ake, amaoneka otchipa, koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuti pulogalamu yotero ilowe, woikayo nthawi zambiri amayamba wazimitsa antivairasi, ndipo chida chothyolera chiphasocho chimakhala chobisa vairasi yoba mawu achinsinsi. Kukopera mapulogalamu mopanda chilolezo kumaswanso lamulo la Copyright Act la 2016. Pa ntchito yolemba makalata ndi kuwerengetsera malonda pali LibreOffice, imene ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Akathyali ndi mawu achinsinsi

Mbava zambiri zimalowa ponamiza mwini kompyuta. Zimatumiza imelo kapena uthenga wooneka ngati wochokera kubanki, ku kampani ya foni kapena ku ofesi ya boma, wonena kuti akaunti yatsekedwa, munthu wapambana mphoto, kapena pali ngongole ndi zipangizo za ulimi zotchipa. Uthengawo umakhala ndi linki yopita ku tsamba labodza limene limafunsa mawu achinsinsi. Banki, Airtel Money ndi TNM Mpamba safunsa nambala yachinsinsi ya kasitomala pa foni, pa imelo kapena pa WhatsApp. Wolandira uthenga wokayikitsa asadine linkiyo. Apite yekha ku ofesi ya bungwelo kapena aimbe nambala yake yodziwika.

Mawu achinsinsi akhale aatali, a zilembo zosachepera 12, ndipo asakhale dzina la mwana, tsiku lobadwa kapena nambala ya foni. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, olumikizidwa pamodzi, ndi osavuta kukumbukira koma ovuta kulosera. Akaunti iliyonse ikhale ndi mawu akeake, makamaka imelo, poti wolowa mu imelo angathe kusintha mawu achinsinsi a akaunti zina zonse. Gmail, Facebook ndi WhatsApp zili ndi njira yotsimikizira kawiri, imene imafuna nambala yapadera kuwonjezera pa mawu achinsinsi, ndipo n'koyenera kuiyatsa.

Pakhomo pamene kompyuta imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, aliyense akhale ndi akaunti yake. Ana apatsidwe akaunti wamba imene siingathe kuika mapulogalamu, ndipo akaunti yoyang'anira ikhale ya kholo lokha.

Kusunga mafayilo pamalo ena

Anthu a mu mzinda uno akukumbukira moto umene udapsereza laibulale ya Mzuzu University pa 18 Disembala 2015. Mabuku zikwizikwi pamodzi ndi makompyuta zidatha m'maola ochepa. Zimene zidachitika pa sukulu yaikulu chotero zingachitikenso m'nyumba kapena m'golosale kudzera mu moto, kuba kapena kufa kwa disiki. Mu Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti kupereka ziphaso zoyendera kudaima chifukwa mbava za pa intaneti zidalowerera makina osindikizira ziphasozo n'kufuna dipo. Mbava zotere zimasakanso anthu wamba ndi mabizinesi aang'ono.

Njira yodziwika yotetezera mafayilo ndi kukhala ndi makope atatu a fayilo iliyonse yofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi lili kutali ndi nyumba. Kwa wamalonda, izi zikutanthauza kope la mu kompyuta, kope la pa hadi disiki yakunja kapena fulashi, ndi kope la pa intaneti kapena losungidwa kwa mbale wodalirika. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, pamene OneDrive imapereka 5 GB. Malo amenewa ndi okwanira kusunga zikalata za malo, malisiti, mapangano a ngongole, masatifiketi ndi kaundula wa malonda wa zaka zambiri.

Hadi disiki yakunja izulidwe kukopera kukatha, chifukwa vairasi yofuna dipo imatseka chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta. Isasungidwe m'chikwama chimodzi ndi laputopu, poti wakuba amatenga chikwama chonse. Kamodzi pa miyezi itatu mwini atsegule mafayilo angapo a pa kopelo kuti atsimikize kuti akutseguka. Mlimi akopere mafayilo ake akangomaliza kugulitsa zokolola, ndipo wamalonda azichita zimenezi sabata iliyonse.

Kupita kwa mmisiri ndi kugulitsa kompyuta

Asanapereke kompyuta kwa mmisiri, mwini wake akopere mafayilo ofunika, atuluke m'maakaunti a imelo ndi banki, ndipo alembe nambala ya kompyutayo pamodzi ndi kukula kwa RAM ndi disiki. Agwirizane mtengo ntchito isanayambe, apemphe lisiti, ndipo zipangizo zakale zimene zachotsedwa abwezeredwe. Kufufuta zonse ndi kuikanso Windows kuchitike pokhapokha mwini atavomera.

Kufufuta fayilo mwa nthawi zonse sikuichotseratu pa disiki. Wodziwa angathe kuibweza. Wogulitsa kapena wopatsa wina kompyuta agwiritse ntchito Reset this PC, asankhe kuchotsa zonse ndi kuyeretsa disiki. Makompyuta ndi mabatire akufa asatenthedwe kapena kutayidwa kudzala ndi mumtsinje, poti muli mtovu ndi mankhwala ena oononga nthaka ndi madzi.

Malamulo ndi kokadandaula

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 likunena kuti kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi kufalitsa mavairasi mwadala ndi milandu. Lamulo lomweli lidakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA kuti izilandira malipoti a chiwembu cha pa intaneti ndi kuchenjeza anthu. Lamulo la Data Protection Act la 2024 likupereka udindo kwa osunga mbiri ya anthu ena, monga maina, nambala za foni ndi za ziphaso za unzika, kuti aisamale. Makalabu a alimi, makopaletivi ndi mabizinesi amene amasunga mbiri ya mamembala ndi makasitomala mu kompyuta ayenera kulidziwa lamuloli.

Woberedwa ndalama kudzera pa intaneti adziwitse banki yake kapena kampani ya foni nthawi yomweyo, asinthe mawu achinsinsi pogwiritsa ntchito chipangizo china, asunge mauthenga onse ngati umboni, ndipo akanene kupolisi. Kompyuta imene mafayilo ake atsekedwa ichotsedwe pa intaneti msanga. Kulipira dipo sikutsimikizira kuti mafayilo abwerera.

Ndondomeko ya chisamaliro

Tsiku lililonse: kuzimitsa kompyuta mwa dongosolo, kuzula pulagi magetsi akazima kapena kukagunda mabingu, ndi kuivundikira ikazizira.

Sabata iliyonse: kusankha Restart kamodzi, kuunika mafulashi, ndi kukopera mafayilo atsopano a malonda.

Mwezi uliwonse: kulandira zokonza za Windows ndi za msakatuli, kuunika kompyuta yonse ndi antivairasi, kuchotsa mafayilo ndi mapulogalamu osafunika, ndi kupukuta timabowo ta mpweya.

Miyezi itatu iliyonse: kutsegula mafayilo a pa kope losungidwa kwina ndi kuona mndandanda wa Startup.

Chaka chilichonse, mvula isanayambe: kuchotsetsa fumbi la m'kati, kuona thanzi la batire, disiki ndi surge protector, ndi kutsimikiza kuti Windows imene ili mu kompyuta ikulandirabe zokonza za chitetezo.

Atsogoleri a makalabu a alimi, makomiti a misika ndi mabungwe a m'madera akupemphedwa kuti afotokozere mamembala awo malangizowa pa misonkhano yawo.